Mmene Chijasi Choyera Chinandisandutsira Katswiri

Ku likulu kuli mapepala ena, ngati chiswe sichinawadye, amene amanena kuti kunyanja kwathu kuno kunali akatswiri awiri a matenda a maganizo. Woyamba anali Mayi Nachisale, amene anapitadi kusukulu ya zimenezo. Wachiwiri ndinali ine, amene sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 4 chifukwa ine ndi aphunzitsi sitinkagwirizana pa nthawi yopita kokawedza. Mpaka lero sindimvetsa bwino kuti zinayenda bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti anayambitsa ndi mbuzi.

Inali nthawi ya makhadi, ija munthu sunkalowa mumsika ulibe khadi la chipani m'thumba. Ndinkagwira ntchito pa kachipatala kena pakati pa Senga Bay ndi Lifuwu (dzina lake ndisunga, poti ana a anthu amene ndinawachititsa manyazi akadali moyo). Ntchito yanga inali kusesa, kutunga madzi, kutchetcha udzu ndi kuthamangitsa mbuzi. Lachinayi lililonse linali tsiku la odwala maganizo. Mawu akuti "wamisala" Mayi Nachisale sankafuna kuwamva. Ukawatchula, tsiku limenelo tiyi sumwa. Anthu ankachokera m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, ena mpaka kumtunda, kudzalandira mapiritsi ndi jakisoni. Wowaona anali mayi mmodzi yekhayo, wa imvi kale, mawondo akulira ngati njinga yopanda girisi.

Zaka ndi zaka Mayi ankalemba makalata kupempha mnzawo wa ntchito. Ankafuna wachinyamata woti amuzoloweretse odwala awo iwo asanapume.

"Ndikadzachoka ine, Che Saidi adzawabaya ndani?" ankatero.

Che Saidi anali msodzi, munthu wa Chisilamu, wamtali ngati mgwalangwa. Akamalandira mankhwala ake ankasoka ukonde kuposa aliyense padoko. Akangodumphitsa, ankayenda mumsewu tsiku lonse akukangana ndi anthu amene ife sitinkawaona, ana kunyumba ali ndi njala.

Tsono kunabwera uthenga wakuti ku likulu atumiza munthu wodzawerenga ogwira ntchito imeneyi: alipo angati, amuna kaya akazi, a zaka zingati, amalandira zingati. Mayi Nachisale anasekerera mpaka mano onse panja.

"Akadzaona okha kuti ndili ndekha, nkhalamba ine, atumiza wina basi."

Uthenga unati mlendoyo abwera Lachisanu. Anabwera Lachitatu.

Tsiku limenelo Mayi anakwera njinga kupita ku Lifuwu kukaona mtsikana wina amene abale ake anam'tsekera m'nyumba. Ine anandisiyira ntchito imodzi: kuchapa chijasi chawo choyera kuti Lachisanu akalandire nacho mlendo. Ndinachapa bwino, sopo wambiri. Vuto linali poyanika. Panali mbuzi ina yamawanga imene inkakonda sopo kuposa chimanga. Ndikayanika pachingwe, yayamba kutafuna mkono wa chijasi. Ndikayanika padenga, mwera ukuchiulutsira kutchire. Ndiye ndinaganiza (ndipo pamenepa ndinadziona wanzeru): chingwe chimene mbuzi imachiopa ndi ine. Ndinavala chijasi chonyowacho, n'kuima padzuwa manja nditatambasula ngati choopsezera mbalame m'munda wa mpunga.

Galimoto ya boma inandipeza ndili chomwecho.

Munatuluka mnyamata wa tayi, chikwama m'khwapa, nsapato zikuwala. Anandiyandikira, n'kuwerama pang'ono.

"Muli bwanji, adokotala?"

Ndinacheuka kuyang'ana kumbuyo. Kunalibe munthu, kunali mbuzi yokha ija.

Inu ana a masiku ano munganene kuti bwanji sindinam'konze pomwepo. Masiku amenewo munthu wotsika m'galimoto ya boma sankakonzedwa. Akati kuli mvula dzuwa likuswa mtengo, iwe unkafunafuna ambulera. Komanso ndivomere, poti ndakalamba: mawu akuti "adokotala" anandilowa m'khutu ngati uchi.

"Ndili bwino, kaya bwana," ndinatero, ndikutsitsa manja pang'onopang'ono.

Tinakhala pakhonde, iye n'kutulutsa pepala la mizere yambiri.

"Mayi Nachisale ali kuti?"

"Apita kukaona wodwala, bwana."

"Ndiye inu mwatsala pa ntchito?"

"Inde, bwana." (Bodza palibe apa. Tsache langa linali kuseri kwa chitseko.)

"Ntchito ya odwala maganizo mumagwira nawo?"

Apanso ndinaona kuti choonadi chili kumbali yanga. Lachinayi woyala benchi ndinali ine. Wogwira mkono wa amene akuopa singano ndinali ine. Che Saidi sankabwera pokhapokha ine ndikawatenge panjinga, ndipo ndinkasewera nawo bawo mpaka nthawi yawo ikwane.

"Kwambiri, bwana. Popanda ine jakisoni salowa."

Analemba. Ine ndinkangoona cholembera chikuthamanga, mtima uli phee.

"Munaphunzira kuti ntchitoyi?"

"Kwa Mayi Nachisale, bwana. Chino n'chaka chachisanu ndi chinayi."

"Zaka zanu?"

"Ndinabadwa chaka cha dzombe."

"Dzombe liti?"

"Lofiira, bwana."

Anandiyang'ana kumutu kuti ayerekeze yekha. Koma dzulo lake ndinali nditameta mpala, imvi zonse zili kudzala. Nambala imene analemba sindinaione, koma ndinamva pambuyo pake kuti anandichotsera zaka zokwanira kubadwa mwana n'kukwatira.

Kenako linabwera funso limene Mayi Nachisale analidikira zaka zonse zija.

"Kodi ogwira ntchitoyi pano mukukwanira?"

Kwathu kunali bambo wina amene ananena pamowa kuti shuga akusowa. Anakwera galimoto yosalipira, ya apolisi ija, n'kubwerako patapita miyezi, ataonda, ndipo kuyambira pamenepo tiyi ankamwa wopanda shuga osadandaula. Mawu akuti "kulibe" kaya "tikuchepa" sanali otchula pamaso pa munthu wa tayi. Ndinadziwa bwanji kuti funsoli si msampha? Ndinaimirira, chijasi chikudontha madzi, n'kuyankha mmene tinkayankhira pamisonkhano.

"Tikukwanira, bwana! Boma likutisamala bwino kwambiri. Palibe chosowa."

"Zosangalatsa," anatero. "Kwina konse akungolira. Nanga pamwezi mumalandira zingati?"

Apa ndiye pamene satana anandikhalira paphewa. Munthu wovala chijasi choyera angatchule bwanji malipiro a wosesa? Koma za adokotala sindinkazidziwa. Ndalama yaikulu yokha imene inali m'mutu mwanga inali mtengo wa njinga yatsopano imene ndinkaisirira m'sitolo ina ku Salima, ya belu ndi kaliyala. Ndinatchula umenewo.

Mnyamatayo anaimba kamluzu, n'kulemba. Anandipatsa cholembera, ndipo ndinasaina. Dzina langa ndimalemba bwino kwambiri, ndi mchira womwe. Ndi chokhacho chimene ndinatuluka nacho kusukulu, ndipo ndi chimene chinandimaliza.

Mayi atabwera anapeza chijasi chouma, chosita.

"Kunabwera alendo aja, mayi. Ndawalandira bwino."

"Lero? Mayo ine! Mwawauza kuti ndili ndekha?"

"Aona okha, mayi."

Panapita miyezi iwiri. Kalata inafika Lachinayi, odwala ali pabenchi, ine ndi Che Saidi tili pabawo. Mayi anaiwerenga ali chiimire, kenako anaibwerezanso, milomo ikuyenda.

"Bambo inu," anandiitana, "tabwerani. Kalata iyi ikuti pano tilipo awiri. Wina nkhalamba, wina mnyamata wa kosi ya zaka naini. Wachiwiriyo ndani?"

"Kaya, mayi. Mwina asokoneza ndi chipatala china."

"Ikutinso mnyamatayo amalandira kuposa ine, ndipo a ku likulu akubwera kudzafufuza amene anam'kweza. Dzina lake ili apa, papepala limene anasaina. Lili ndi mchira."

Che Saidi anaseka mpaka nkhomo za bawo kumwazika.

"Wallahi! Mapiritsi timamwa ndi ife, koma wofunika kumwa ndi uyu!"

Ndinkayembekezera kuti Mayi akalipa. Bola akanakalipa. Anangokhala pansi pamasitepe, n'kumasisita mawondo. Kalatayo inanenanso kuti namwino wachitsikana amene anali atangomaliza kosi, amene anayenera kubwera kwathu, am'tumiza kuboma lina poti ife tikukwanira.

"Mwana ameneyo ndinali nditam'konzera kale chipinda," anatero motsitsa. "Makatani ndinasoka ndekha."

Ndinalumbira mumtima kuti ofufuzawo akabwera ndiulula zonse, ngakhale ndikwere galimoto yosalipira. Mkazi wanga ndinamuuza pamene ndinabisa khasu latsopano. Tsikulo ndinavala kabudula wanga wa zigamba, tsache m'manja ngati mboni.

Anabwera awiri: mnyamata wa tayi uja ndi bwana wina wamkulu wa mimba. Asanakhale n'komwe ndinagwada.

"Bwana, wolakwa ndine. Katswiri wachiwiri uja ndine. Ndinanama."

Bwana wamkulu anatembenukira kwa mnyamatayo. "Ndi ameneyu?"

Mnyamatayo anandiyang'ana kuyambira ku zigamba mpaka kumutu, kumene imvi zinali zitameranso mbuu ngati thonje. Anayang'ana tsache. Ndinaona thukuta likutuluka pamphuno pake.

"Ayi, bwana. Si ameneyu. Uja anali mnyamata."

"Ndine, bwana! Ndinameta!"

"Uja anali wa chijasi, wolankhula zanzeru."

Ndinathamangira mkati, n'kuvala chijasi, n'kutuluka manja nditatambasula monga tsiku lija. Mnyamatayo anapukusa mutu.

"Akufanana pang'ono. Mwina ndi mbale wake."

Mutu wanga unaima. Ine ndinkadziwa kukana mlandu ndikamaumirizidwa, kaya kuuvomera ndikagwidwa. Koma kuvomera mlandu, eni mlandu n'kumakana, zimenezo palibe anandiphunzitsa. Ndinazindikira patapita zaka kuti mnyamatayo ankaopa monga ine. Akanavomera kuti anawerenga wosesa, tayi uja akanavula tsiku lomwelo. Nayenso bwana wamkulu anali atasaina kale pepalalo, ndipo pepala likakwera kumwamba silinkatsika.

Mayi Nachisale anayesa. "Bwana, pano ndili ndekha. Bambo awa amasesa."

"Mayi, mukufuna kunena kuti kalembera wa boma ndi wabodza?"

Mayi anakhala pansi. Amene anaimirira ndi Che Saidi, amene anabwera dala ngakhale silinali Lachinayi.

"Bwana, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, ndi yemweyu. Palibe wina. Uyu ngakhale bawo amabera."

"Awa ndani?" anafunsa bwana wamkulu.

"Ndi wodwala wathu," Mayi anayankha.

"Oho," anatero bwanayo, n'kugwedeza mutu mwachisoni. Umboni wa munthu yekhayo wolankhula zoona mopanda mantha unathera pomwepo.

Anakambirana awiriwo pansi pa mtengo wa mango, n'kulemba chigamulo: katswiri wachiwiri sanapezeke pa ntchito, zikuoneka kuti ali patchuthi, ndipo nkhani ya malipiro ake adzaiona akabwerako. Ine anandichenjeza kuti ndisiye kuvala zovala za akuluakulu. Galimoto inanyamuka, ine ndili chiimire m'chijasi, osadziwa ngati ndapulumuka kaya ndamangidwa.

Mayi anandivula chijasicho okha.

"Poti boma lati tilipo awiri, tikhala awiri," anatero. "Mawa mubwere m'mamawa."

Anandiphunzitsa kuwerenga makhadi a odwala, kudziwa amene wadumpha tsiku lake, ndi kuzindikira munthu amene wasiya mankhwala abale ake asanazindikire. Anandiphunzitsa kulankhula ndi abale omanga wodwala ndi chingwe mpaka amasule okha. Njinga yawo yakale ija inakhala yanga yoyendera m'midzi, mumchenga wotentha, kusaka amene sanabwere. Jakisoni wokha sanandigwiritse ngakhale kamodzi. Ankati munthu wolephera kuyanika chijasi asayandikire singano. Iwo anapitiriza ntchito zaka zina zinayi ndi mawondo omwe aja, ndipo Che Saidi sanadumphitse mwezi.

Owerenga ogwira ntchito atabweranso, Mayi anakiyira chijasi m'kabati, mbuzi anaimangirira, ine ananditumiza ku Salima kukagula parafini amene tinali naye kale. Chaka chomwecho kunabwera namwino wachitsikana, ndipo makatani aja anagwira ntchito. Malipiro anga anakhala a wosesa mpaka ndinapuma. Njinga ya belu ija anagula munthu wina. Katswiri wachiwiri uja, mmene ndikudziwira, akadali patchuthi.

Tsiku lotsanzikana, Mayi anandipatsa chijasicho chitakulungidwa m'nyuzipepala.

"Muzikayanika kwanu," anatero.

Phunziro ndinalimva: munthu wa pepala akakufunsa, nena zoona ngakhale zikhale zazifupi ngati kabudula. Ndimauza zidzukulu zanga kawirikawiri. Koma posachedwapa kunabwera atsikana a kalembera pakhomo, mmodzi n'kundifunsa mwaulemu kuti, "Agogo, kale munkagwira ntchito yanji?" Ndinacheuka kuyang'ana kumbuyo. Kunalibe Mayi Nachisale, kunalibe Che Saidi, ngakhale mbuzi kunalibe.

"Lembani kuti za chipatala, mbali ya maganizo," ndinatero. "Mukakayika, mapepala ake ali ku likulu."