Golide wa M'matilesi Anga

Lolemba

Ndivomere: tulo sindinatione, ndipo chifukwa chake si pemphero ayi. Ndi matama. Amayi a kumpingo agwirizana kuti amayi busa a ku Nsanje, obwera ku msonkhano wathu Loweruka, adzagone kwathu. Kwathu! Osati kwa Mai Zuze ku Mpingwe, kumene kuli siling'i ndi matailosi. Kuno ku Chinyonga.

Chifukwa chake aliyense akuchidziwa: matilesi anga. Aja ndinagula pa kaunjika ku Limbe, ochokera kunja. Ukawasindikiza, dzanja lako limatsala pomwepo ngati pa mtanda wa mandasi.

Zochita sabata ino:
kukolopa kuchipinda
kuchapa kava wa matilesi
kupempha Ambuye andichotsere kudzikuza (likadutsa Loweruka)

Lachiwiri

Pa kava pasokeredwa kansalu kolembedwa m'Chingerezi, akuti kava ameneyu asachotsedwe. Ndawerenga kawiri, Fomu 4 ndinafika ine. Ndaseka. Ulesi wa azungu! Ngati safuna tichotse, zipi anaikiranji? Mtumiki wa Mulungu agone pa thukuta la munthu amene mpingo wake sitikuudziwa? Ndakana.

Zipi ndatsegula. Mkati muli kansalu kena koyera, kopyapyala, kang'ambika pokoka. Matilesi ndawakuntha ndi ndodo mpaka mkono kuwawa. Madzi lero abwera ola limodzi lokha, ndiye kava ndachapira pamodzi ndi yunifomu yanga ya kumpingo, duku, ndi malaya a bambo a kunyumba.

Madzulo dzuwa lalowa pawindo. Manja anga akunyezimira! M'chipinda monse mukuuluka tinyenyezi. Ndagwada pomwepo.

Lachitatu

Golide. Ndinamvapo kuti kumayiko ena fumbi la golide limagwera anthu popemphera. Sindinkadziwa kuti lingadumphe Mpingwe yense n'kudzatera pa Chinyonga.

Ku mapemphero ndapereka umboni. Ndinati ndinena mawu awiri, ndanena ambirimbiri. Manja ndawaunika ndi tochi ya foni, aleluya mpaka malata kunjenjemera.

Mai Zuze: "Mwina ndi mafuta onyezimira aja amadzola atsikana."

Nsanje. Osati ya kwawo kwa amayi busa kuja, inayo.

Khosi likuyabwa pang'ono. Moto wa Mzimu, ndikuganiza. Bambo abwera kuchokera kuntchito akukhula msana pachitseko ngati mbuzi pamtengo. "Mayi, malayawa mwachapira chitedze kodi?"

Za uzimu munthu uyu sazizindikira. Ndikumupempherera.

Lachinayi

Nyumba yasanduka tchalitchi.

Obwera: amayi asanu ndi awiri.
Ogwira matilesi: onse.
Opaka kumaso: atatu.
Wobwera "pongodutsa" kuchokera ku Mpingwe, ngakhale njira yathu sipita kwina kulikonse: Mai Zuze.

Ndawaona kudzera pagalasi la wadirobu akusisita matilesi n'kupaka m'zikope. Ndakhala ngati sindinaone. Mumtima ndavina.

Kwabweranso Esinati, wa kwaya uja, ndi khanda lake lotsokomola. "Amayi, ndimugoneke pang'ono pokha, mwina achira." Ndakana. Ndanena kuti pogona mtumiki sipayenera kuyamba wina. Zoona zake: ndaopa mkodzo. Wachoka misozi ili m'maso. Ambuye, ichi ndachilemba kuti muchione.

Ndikutsokomola. Pansi ndasesa kawiri, golide sakutha. Madalitso osefukira!

Lachisanu

Alamu anga a Jofesi, omata mabampala a galimoto ku Ginnery Corner, amva mbiri, abwera kudzaona. Aima pakhomo la kuchipinda. Aunika ndi tochi. Atulutsa mpango n'kumanga pamphuno.

"Alamu, iyi ndi fayiba. Galasi lopota ngati ulusi. Ife timaigwira titavala magolovesi, inu mwaitanirapo mpingo."

Akuti amaiika mkati kuti matilesi asayake msanga moto ukabuka. Kava ali wotseka, ilibe mlandu. Ukatsegula, tizidutswa take timabaya khungu, timalowa m'maso ndi pakhosi.

"Bola simunakunthe."

Ndinakuntha.

"Bola simunasese."

Ndinasesa. Kawiri.

"Nanga khanda silinagonepo?"

Apa ndawongola khosi. Silinagonepo! Ndinakana ine! Chifukwa chimene ndinakanira sanafunse, ndipo sindinawauze.

Malamulo a alamu:
kukulunga matilesi m'pepala la pulasitiki, kumata ndi tepi paliponse
kupukuta nyumba yonse ndi nsalu yonyowa, tsache ayi
zovala zija osazivalanso
kusamba osakhula
amene maso afiira, apite kuchipatala

Ndafunsa ngati Mulungu sangagwiritse ntchito fayiba. Akuti: "Angathe, alamu. Koma iyi mwagwiritsa ndinu."

Loweruka

Matilesi ali kuseri kwa nyumba, okulungidwa m'pepala lakuda. Aneba athu afunsa ngati kwagwa zovuta.

Amayi busa afika. Akagona ku Mpingwe, pansi pa siling'i. Ndauza komiti kuti kuchipinda kwathu "kukukonzedwa". Si bodza. Si zoona zonse.

Ku msonkhano ndakhala kumbuyo, m'chitenje, pakati pa anthu a yunifomu. Zaka khumi ndi zitatu sindinajombepo kuvala yunifomu. Kutsogolo amayi atatu akudzikanda m'masaya mogwirizana ndi nyimbo. Mmodzi wandinong'oneza: "Motowu ukuyakabe, amayi, zikomo!" Ndamuuza akasambe osakhula. Wati ameni.

Mai Zuze maso psuu. Akuuza anthu kuti ndi utsi wa mbaula. Kwawo amaphikira magetsi. Tayang'anana. Iwo akudziwa kuti ndikudziwa. Akandiulula adziulula okha. Chiyambireni sitinagwirizanepo chonchi. Potuluka ndawauza mwakachetechete za kuchipatala. "Ndapita kale," atero, osandiyang'ana.

Kenako amayi busa andigwira manja onse awiri. "Ndinu amayi a golide aja? Mbiri yanu ndaimva ndili mu minibasi pa Chikwawa! Lachitatu munenenso umboni, ndisanabwerere."

Pa Chikwawa! Ambuye ndikhululukireni, zinandikoma.

Lamulungu

Tagona pamphasa ngati chaka chimene tinakwatirana. Bambo akuti msana wawo wawongoka. Malaya awo atatu atayidwa, ndipo za chitedze sanazitchulenso. Munthu wabwino. Wa uzimu kuposa ine, mwina.

Zatayika: matilesi, yunifomu, duku, mlendo.
Zatsala: kuyabwa, chifuwa, ndi kansalu kaja ka Chingerezi. Ndakaika m'Baibulo. Ndakawerenga kachitatu. Sikanasinthe.

Komabe ndinene: m'mpingo wonse ndani wina anamvekapo mpaka Chikwawa? Ndipo nyumba yanga lero ndi yoyera kuposa ya matailosi. Ndapukuta ndi mitanda ya denga yomwe.

Titaweruka ku tchalitchi Esinati wanditsatira pageti, mwana kumsana. "Amayi, mtumiki sanagonepo. Ndiye Lachitatu ndibwere naye?" Ndamuuza apite naye kuchipatala mawa m'mawa, asachedwe. Wandiyang'ana ngati ndikumumana. Akuti amayi ena anatapako fumbi lija m'kapepala, ngati ine ndikukana akapempha kwa iwo.

M'kapepala! Ndamugwira mkono ndipo ndamuuza zonse, pageti pomwepo: zipi, ndodo, alamu, ndi za mkodzo zomwe.  Waseka mpaka mwana kudzuka. Walonjeza kuti fumbilo salikhudza.

Mmodzi ameneyo. Kwatsala mpingo, ndi timapepala tija.

Ambuye, kunena ndinena, ndikudziwa. Chimene ndikufunsa n'chakuti: ndiime kutsogolo pamene ndinaima paja, kapena mundilole ndiyende khomo ndi khomo mwakachetechete? Ndipo za m'zikope za Mai Zuze, zili mu umboni wanga kapena ndi za iwo eni?

Ndiyankheni pasanafike Lachitatu. Ngati n'chizindikiro, chonde, chisakhale chonyezimira.