Webusayiti ya Mpingo m'Manja mwa a Orton

Inu, tamverani za a Orton a ku Zingwangwa, aja amapita ndi laputopu ngakhale kumaliro. Ndiwo ankasamala webusayiti ya mpingo wawo, ndipo ukapanda kuwatchula kuti a Injiniya sankatembenuka. Uinjiniya wake uti! Webusayitiyo inkakhala pa seva, kompyuta yakutali imene mapulogalamu ake amafunika kuwaika atsopano pafupipafupi kuti akuba asapeze polowera, zija amati ma apudeti. Seva ija inkachenjeza ndi zilembo zofiira kuti zinthu zakalamba, iwo n'kumangotseka.

"Bambo a Shalom, chofiirachi bwanji?" anafunsa akazi awo, a Millicent, atasuzumira.

"Mayi, galimoto ikamayenda satsegula boneti. Ma apudeti ndi a anthu amantha."

Chaka chinatha, china n'kulowa.

Ndiye linafika Lamulungu la alendo a ku Lilongwe. Abusa anati webusayiti ionetsedwe pakhoma ndi pulojekita, alendo aone chitukuko. A Orton anadzuka atatchena suti, n'kuyamba kaye Chingerezi chimene palibe anawapempha. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kungodina batani, abale inu! Chithunzi cha abusa chilipo ndithu, akumwetulira, Baibulo m'manja. Koma m'munsi mwake, pamene pankakhala vesi, pali zilembo zikuluzikulu: MANKHWALA A MPHAMVU ZA ABAMBO, INE ANANDITHANDIZA. Nambala ya foni ili pompo.

Akuba a pa intaneti anali atalowa kalekale n'kumangapo golosale.

Amayi a kwaya anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedera. Mayi busa anangoti, "Ooh?" n'kuwayang'ana amuna awo.

"Injiniya, chotsani icho!" anakuwa abusa.

"Ndi netiweki, abusa!"

"Netiweki imalemba Chichewa?"

Thukuta lili kamukamu, a Orton anadina ma apudeti onse aja nthawi imodzi. Laputopu inangouma gwa. Anathamanga kukazula chingwe cha pulojekita, n'kuzula cha maikolofoni. Tchalitchi chonse zii, abusa akumwetulirabe pakhoma.

Uinjiniya unathera pomwepo. Potuluka, ngakhale ana a Sande sukulu ankangoti, "Orton, bho?"

Kuseri kwa tchalitchi anawakola dzanja a Henry, mkulu wa mpingo wosaseka ndi munthu.

"Orton, wanyazitsa nyumba ya Mulungu. Wandimva?"

"Ndamva, bambo."

A Henry anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Nambala ija, kumapeto kwake inali seveni kapena wani?"