Mkamwini Amene Anakana Mausi

M'chigwa chonse cha Domasi, kuchokera ku Mishoni mpaka ku Malosa, munalibe munthu wosadziwa kuti malemu a Spencer Namakhwa sankagwira mausi. Kachipangizo kaja mumakakwekwesa patebulo kuti kamuvi kayende pagalasi la kompyuta, iwo ankati n'ka makanda. Kompyuta yawo inali yagalasi lakuda bii, yopanda chithunzi, yopanda duwa, kamzere koyera kokha kakuphethira pakona kudikira kuti munthu alembe lamulo. Ukalemba bwino inkamvera. Ukaphonya chilembo chimodzi inkakuyankha m'Chingerezi chamwano kuti lamulo lako ndi loipa.

"Khanda limaloza ndi chala, alamu," ankatero. "Munthu wamkulu amatchula chimene akufuna."

Alamu ake ndine, Everson. Anakwatira mlongo wanga Fyness n'kumanga pamudzi pathu ngati mkamwini aliyense. Ndiye kuti dothi limene panaima tebulo la kompyutayo linali langa, ine mwini mbumba. Koma moyo wake wonse munthu ameneyu sanandilole kudina batani ngakhale limodzi. Anthu amati ndinali ndi nsanje. Akunama. Ine ndinkangofuna kudina.

Kompyutayo inabwera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. A Spencer ankatayipa mu ofesi ina ku Zomba, ndipo azungu a ntchito inayake pobwerera kwawo anawasiyira makina akale amene analemera kuwakweza ndege. Anatsika nayo pa Songani, n'kuikweza pa wilibala ataifunditsa chitenje cha Fyness chopitira kutchalitchi. Ankakankha pang'onopang'ono, akuzemba kamwala kalikonse, moti amayi ena anapatuka panjira n'kugwada, poyesa kuti mwadutsa wodwala wolemekezeka.

Kusanafike tsiku limenelo, munthu wotchuka kuno ndinali ine. Ndinali ndi wailesi ya makaseti awiri, yokhala ndi timagetsi tovina. Khonde langa linkadzaza mpaka anthu kukhala pa mtondo. Koma kompyuta itangolowa m'mudzi, khondelo linauma. Ngakhale galu wanga anasamuka. Ndipo chowawa n'chakuti nthawi imeneyo kunyumba kwa a Spencer magetsi anali asanafike. Anthu ankasiya wailesi yanga ikuimba, n'kupita kukaonerera bokosi lozima, mwini wake akuwafotokozera zimene likananena likanakhala loyaka. Ankabwerako akupukusa mitu kuti koma makina aja ndi anzeru.

Magetsi atafika, a Spencer anaika beseni ndi sopo pakhomo. Aliyense wolowa m'chipindamo, kaya ndi abusa, kaya ndi mphunzitsi wamkulu, funso linali lomwelo: mwasamba m'manja? Ndipotu kusambako sikunali koti ugwire, kunali koti uime chapafupi. Ine ndinasamba mpaka zala kuyera ngati chinangwa chosenda. Anandiyang'ana zikhadabo chimodzichimodzi, kenaka anandifunsa kuti ndikafuna kuona zimene zili m'katimo ndingalembe chiyani. Ndinati ndingalembe kuti ndionetse. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, nanena kuti mawu ake ndi DIR, ndipo ndibwerenso ndikawaloweza.

Ndinaloweza. Ndinalowezanso CD, lolowera m'chipinda china cha m'makinamo, ndi COPY, lokopera. Ndinkawatchula polima, ndinkawatchula posamba, mpaka mkazi wanga anayamba kufufuza kuti Kope ameneyu ndi wa mudzi uti. Koma mayeso a alamu anga analibe mapeto. Ukakhoza funso ili, lina lamera. Tsiku lina anandifunsa za kamzere kopendekera kamene kamalekanitsa mayina a zipinda: kodi kamapendekera ku Zomba kapena ku Liwonde? Ndinati ku Zomba. Anati ndalakwa. Mawa lake ndinati ku Liwonde. Anati ndalakwanso, poti anali atatembenuza tebulo.

Ndinawakumbutsa kuti nyumbayo ili pamalo panga.

"Malo ndi anu, alamu," anatero, "koma makina awa sadziwa nthabwala, ndipo inu ndinu nthabwala zokhazokha. Mukalemba mawu amodzi olakwika, maukwati onse a Domasi afufutika."

Pamenepo sankanama kwenikweni. Makadi a ukwati, ndondomeko za chinkhoswe, nyimbo za kwaya, zonse zinkatuluka m'nyumba imeneyo. Pulinta yawo inkalira ngati mbuzi yokodwa m'waya, ndipo ikayamba, anthu ku Mishoni ankadziwa kuti wina akukwatira. Komatu ine za makadi ndinalibe nazo ntchito. Chimene chinkandidya chinali kanjoka. M'makinamo munali masewera a kanjoka koyenda pagalasi, kakudya timanambala n'kumatalika, ndipo kakagunda khoma kafa. Madzulo akamaliza ntchito, a Spencer ankakayendetsa ndi zala ziwiri, ine nditaima kumbuyo kwawo ndi manja osamba bwino, ndikufuula mumtima kuti khotani, khotani. Kakafa ankanditembenukira n'kunena kuti ndimapuma mokweza.

Ndinakadandaula kwa Fyness. Iye anapitiriza kusankha mpunga wake, n'kungoti, "Achimwene, za amuna anga ndi mkazi wawo wamng'onoyo musandilowetsemo." Sindinamuonepo atakhala pampando umenewo, ndiye ndinkadzitonthoza kuti okanidwa tilipo awiri.

Mulungu anandimvera patapita zaka, pamene Asiyatu, mwana wamkazi wa a Idi ogulitsa nsalu, anatsegula kashopu kake pa Songani. Kompyuta yake inali yamitundu, yazithunzi, ndiponso yamausi. Ndinalowa m'mawa wina osasamba m'manja dala. Asiyatu anaika dzanja langa pa mausi nati ndiloze chimene ndikufuna, ndidine kawiri. Basi. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditalemba dzina langa m'zilembo zofiira, ndi maluwa m'mbali monse ndi nkhunda ziwiri pamwamba. Ndinalitenga pepalalo wapansi mpaka kwa alamu anga, ndikulikupiza ngati mbendera.

Anaona nkhundazo kwa nthawi yaitali. Kenaka anavala jekete.

Anthu a pa Songani amaikambabe nkhaniyi. A Spencer analowa m'shopumo ngati munthu wobwera kudzaona mwamuna amene wamulanda mkazi. Asiyatu anawapatsa mpando n'kuwasunthira mausi. Iwo anaikankhira kumbali ndi cholembera, nafunsa kuti polemba malamulo ndi pati. Asiyatu anafufuza n'kuwatsegulira kawindo kakang'ono kakuda kamene kanabisala kuseri kwa zithunzi zonsezo. Nkhope ya alamu anga inawala. Analemba DIR, mayina anayamba kutsika, ndipo anatembenukira gulu limene linali litadzaza pakhomo.

"Mwamuona? Ali momwemu. Amubisa kuseri kuti azigwira ntchito, ulemu uzipita kwa eni mudzi. Ndi mkamwini mnzanga ameneyu."

"Zoona, ababa," anayankha Asiyatu mwaulemu, "koma anthu akabwera pano akufuna khadi la ukwati, sakufuna sukulu. Amene akwera minibasi kupita ku Liwonde sayamba waphunzira kumasula injini."

A Spencer anafunsa kuti nanga ikafera panjira? Asiyatu anati pamenepo ndiye timaitana amakanika, ndipo ikadzafa yakeyo adzatuma njinga kudzawatenga. Alamu anga sanadziwe ngati atukwanidwa kapena alemekezedwa. Pobwerera, titafika pa mlatho, anandiuza kuti nkhunda zija zinali zonenepa ngati abakha.

Kuyambira pamenepo maukwati anasamukira ku Songani. Akwati ankafuna maluwa, ndipo makina a a Spencer duwa lawo linali nyenyezi zingapo zondanda. Ankakhala pakhonde n'kumayang'ana aliyense wodutsa ndi envulopu. Ena ankaibisa m'malaya, ena ankazungulira kudzera m'minda ya mpunga kuti asaoneke. Akamva kuti kuli ukwati ankapitako, osati kukavina, koma kukafufuza chilembo cholakwika pakhadi. Akachipeza ankadya ndi mtima wonse. Akapanda kuchipeza ankati nyama yalowa mchere.

Mungaganize kuti ine ndinakhutira. Ndinayesa. Ndinkapita kwa Asiyatu kukadina, koma kudina kumene amadina aliyense, ngakhale wogulitsa mandasi, sikukoma. Ine ndinkafuna ijayi, yofunda chitenje, yandikana zaka zonsezi. Ndipo kanjoka ka mtundu uja kwa Asiyatu kunalibe.

Mafoni atabwera, Irene, mwana wawo amene ali ku Blantyre, anawagulira foni yongosisita ndi chala. Anaitembenuza uku ndi uku kufunafuna polemba lamulo. Irene anati palibe, mumangokhudza. Anamufunsa ngati anamulipirira sukulu kuti azisisita galasi ngati akupaka mafuta mwana. Foniyo inathera pa ntchito yotsinira mapepala kuti asauluke ndi mphepo. Ku kompyuta yawo ndiye sanagonje. Chipangizo china chikafa, ankakwera basi kukasakasaka m'misika ya ku Limbe mpaka apeze chinzake. Makinawo anakalamba nawo limodzi. Anayamba kuiwala tsiku, moti m'mawa uliwonse akayatsidwa ankafunsa kuti lero n'liti, ndipo a Spencer ankawauza modekha, ngati munthu wosamala nkhalamba inzake.

Atayamba kudwala, ndinapita kukawaona ndi nthochi. Ndinati alamu, tonse tathothoka mano, tsopano ndidineko kamodzi. Anatsegula diso limodzi n'kundifunsa kuti kamzere kaja kamapendekera kuti. Ndinati kamapendekera kumene tebulo layang'ana. Anaseka mpaka kutsokomola, nati ndayamba kuyandikira.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Ndondomeko ya maliro inachokera kwa Asiyatu, poti kunalibenso kwina. Ndinkaopa nkhunda. Koma mayi uja anasindikiza mapepala akuda bii, zilembo zoyera, opanda duwa ngakhale limodzi, ndipo anabwera nawo yekha atafunda mpango wake. Anati inki yonse yathera pomwepo. Ndinafufuza chilembo cholakwika m'malo mwa alamu anga, osachipeza.

Anthu atabalalika, masiku a maliro atatha, ndinalowa m'chipinda chija masana ena. Ndinachotsa chitenje, ndinayatsa. Makina anandifunsa tsiku, ndinawauza. Kamzere kanayamba kuphethira. Ndinalemba DIR, ndi zala zanga, ine ndemwe, ndipo mayina anatsika ngati mvula. Koma kuti kanjoka kali m'chipinda chiti, sindinadziwe. Ndinayesa uku, lamulo loipa. Ndinayesa uko, lamulo loipa.

Fyness analowa ndi lichero m'manja. Anandiyang'ana, anaika lichero pansi, n'kudina chilembo F ndi chala chimodzi cha ufa, kenaka batani lalikulu lotumizira lamulo. Pomwepo nyimbo zonse za amayi a Mvano zinatseguka, zilembo zikuluzikulu zoti awerenge wopanda magalasi.

Ndinamufunsa kuti anaphunzira liti malamulo.

"Malamulo ati? Anandikonzera kalekale, magetsi atangofika. Anati ine ndisavutike, ndizingodina chilembo cha dzina langa. Inu mukatuluka ndinkakhala pomwepo."

Taonani munthu ameneyu. Anavutitsa chigwa chonse kuti makanda okha ndiwo amaloza, anandilowezetsa mawu mpaka banja langa kugwedezeka, chonsecho mkazi wake anamupangira kakhomo kakuseri, kolowa osagogoda, ndi ufa kumanja. Ndinamva kutentha pachifuwa kumene sindinamvepo ngakhale tsiku la wilibala lija. Ndinafunsa ngati Irene analinso ndi chilembo chake. Anati ali nacho. Kenny, mchimwene wake wa Irene, nayenso ali nacho. Ngakhale abusa akale anali nacho.

"Nanga ine?"

Fyness anatola lichero lake. "Dzina lanu simukulidziwa, achimwene?"

Ndinadina E. Galasi linayera mbuu, kenaka linada, ndipo pakati pake panatuluka mzere umodzi, m'Chichewa:

ALAMU, MWASAMBA M'MANJA?

Ndinatembenuka. Beseni linali likadali pakhomo, louma, sopo atang'ambika. Ndinakatunga madzi ndekha, ndinasamba bwinobwino mpaka m'zikhadabo, n'kubwerera kukadina batani. Kanjoka kanatuluka pakona, kakugwedeza mchira. Fyness akuti amuna ake anakonza zimenezi kale kwambiri, tsitsi lathu lisanachite imvi, ndipo ankangodikira tsiku loti ndisiye kupempha n'kuyesa. Ine ndikuti akunama. Ankadziwa kuti ndikadina ali moyo ndiwaposa.

Masiku ano kudera kuno kuli zii. Mbuzi yokodwa m'waya ija sikuliranso, ndipo ukwati umangotulukira pafoni osamveka kubwera kwake. Anthu amadutsa ndi maenvulopu awo poyera, palibe wozungulira m'minda ya mpunga. Kumaukwati timadya osawerenga khadi. Ine masana aliwonse ndimapita kwa mlongo wanga, ndimasamba m'manja, ndimawauza makina kuti lero n'liti, n'kudina chilembo changa. Pamwamba pa galasi pali dzina la amene anatalikitsa kanjoka kuposa onse, ndipo si langa. Kanga kamagunda khoma kasanafike ngakhale theka. Ndimatembenuka kuti ndinene kuti wina akupuma mokweza, koma kumbuyo kwanga kulibe munthu.