Bambo Amene Anakweza Mneneri pa Sikelo

A Sikelo sankakhulupirira chinthu chimene sanachiyeze okha. Ankakhala pakhonde la sitolo ya mankhwala ndi kasikelo koyezera anthu. Munthu akaimapo ankamuuza kulemera kwake, n'kumuwonjezera maganizo awo ngati basera. Ukati kunja kwatentha, ankakufunsa kuti, "Poyerekeza ndi liti?"

Akazi awo, mayi a kwaya, anali ndi nkhawa imodzi pa zaka makumi atatu za ukwati: bambowa akadzamwalira, adzawaimbira ndani? Lamulo la mpingo wawo linali lodziwika. Munthu wosakhulupirira, abusa sayendetsa maliro ake.

"Bambo, ingonenani kamodzi kokha kuti ndakhulupirira. Lilime silitupa nazo."

"Mayi, ine sindinakane. Ndikufufuza."

"Zaka zonsezi?"

"Nkhani yake ndi yaikulu."

Chaka china kunabwera mneneri, nalengeza kuti asala kudya masiku makumi anayi. Tsiku loyamba a Sikelo anamupempha kuti awadalitsire sikelo poimapo. Makilo 92. Tsiku lomaliza anakamudikira pakhomo la holo, sikelo ili m'khwapa, ndipo pamaso pa khamu mneneriyo sakanakana. Makilo 95.

"Chozizwitsa ndi chimenechi," anatero a Sikelo, nkhope ili phee. "Atate, tiphunzitseni kusala kwamtunduwu. Kuno kuli ana ambiri ofunika kunenepa."

Mayi aja anatha milungu iwiri osapita kukwaya chifukwa cha manyazi.

Musaganize kuti a sayansi ankawasiya. Kunafika anthu ovala makhoti oyera ndi makina akuti ukagwira kachitsulo kake amakupeza ndi matenda, mapiritsi ake ali pomwepo. A Sikelo anagwira m'mawa, anawapeza ndi matenda asanu. Anabwerera masana atavala chipewa, anawapeza ndi ena asanu ndi awiri osiyana ndi oyamba aja. Kachitatu anagwiritsa kachitsuloko nkhaka. Nkhakayo inapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

"Adokotala, imwe angati patsiku?"

Koma panali funso limodzi limene silinkawaseketsa. Ana asukulu ankawayeza mwaulere, ndipo anaona kuti a zaka khumi ochokera kunyumba za mipanda ankaposa anzawo a kutsidya kwa ngalande ndi makilo ngati asanu ndi limodzi. Anayenda nalo funsolo ngati munthu wofuna mbuzi yosowa: makilo amenewa akupita kuti? Abusa anati n'kufuna kwa Mulungu. Aphunzitsi anati n'zakumtundu. Akhansala anati ndi ulesi.

"Mwana wa zaka khumi ulesiwo wauyamba liti?" anadandaula kwa akazi awo. "Akuluakulu atatu, mayankho atatu, koma palibe wafunsa kuti anawo adya chiyani m'mawa."

Atadwala matenda awo omaliza, mayi aja anakhala pamphepete pa bedi la kuchipatala, atawagwira dzanja.

"Bambo, nthawi yatha. Nenani mawu aja."

"Ndinamize Mulungu, ngati aliko, kutatsala pang'ono kuti tionane? Ndikupita kukaona ndekha, mayi. Ndikakapeza kuti munkanena zoona, ndikapepesa bwinobwino. Mukundidziwa, ndikagonja ndimavomera."

Tsiku lotsatira maliro ali m'nyumba, abusa anaitanira mayiwo kuseri. Anawayang'ana mwachifundo, ngati owatsegulira chitseko.

"Mayi, munali nawo nokha. Kodi pomaliza anavomereza?"

Mboni panalibe. "Inde" mmodzi yekha, kwaya yonse ikanabwera ndi yunifolomu. Mayi aja anatsegula pakamwa, bodza lili kale pamilomo, koma linakana kutuluka. Munthu sugona nyumba imodzi ndi a Sikelo zaka makumi atatu n'kutuluka wabwinobwino.

"Sanavomere, abusa. Anati akukaona okha."

Abusa anaweramitsa mutu. "Ndiye mpingo sungayendetse mwambowu."

Mpingo sunabweredi. Kunangobwera amayi makumi awiri ndi atatu ovala zovala wamba, amene mwangozi onse ankadziwa nyimbo zofanana. Kunabweranso bambo wina wopanda kolala, wofanana kwambiri ndi abusa, amene anati wangodutsa. Anapemphera nthawi yaitali, ndipo pakati pa pemphero anauza Mulungu kuti, "Akafika ndi mafunso, muwapirire. Ife anatikulira."

Ife anzawo ogulitsa malonda, pakhonde paja timakhalapobe, koma nkhani masiku ano sizichedwa kutha. Sabata yatha wogulitsa mafoni anati anamva kuti madzi a mumpopi akufupikitsa anthu. Tonse tinagwedeza mitu, kenako tinakhala chete, kudikira kuti wina atsutse. Tinadikira ndithu. Pomaliza aliyense anabwerera ku malonda ake, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu.