Sabata ya Chiwindi

Lolemba
Ndamuiwala kondakitala wanga pa siteji ku Limbe. Ndazindikira ndili pa Chichiri, anthu akukuwa kuti chitseko atsekula ndani. Iwo akuseka. Ine thukuta. Bambo anga anayamba chonchi, kuiwala makiyi, mpaka tsiku lina tinawapeza mumsika akufunsa njira ya kunyumba kwawo komwe.

Lachiwiri
Ndaimbira achemwali anga, anamwino. Akuti vitamini B akachepa m'thupi, mutu umaiwalaiwala, mapazi amachita dzanzi. Dzanzi ndili nalo! "Bwerani mudzayezetse, achimwene, musamangoganizira." Kuchipatala ayi, ndikuopa zomwe akapeze. Ndidzichiza ndekha. Zofunika: chiwindi, mazira, usipa, nyemba, mtedza, bonongwe. Ufa woyera basi, tiyambe mgaiwa.

Lachitatu
Akazi anga, make Amina, akukana mgaiwa. "Ndinasiyana nawo kusukulu yogonera, m'nyumba mwanga muno ayi." Chiwindi ndagula chambiri kubutchala, chadzaza filiji. M'mawa chiwindi, masana mazira owiritsa ndili pachiwongolero. Mayi wina wa mpando wakutsogolo watsegula windo chifukwa cha fungo, watsikira pa Ginnery osafika komwe amapita.

Lachinayi
Nyemba ndi mazira sizigwirizana! M'mimba mukulira ngati injini yakutha, pomwe mzere wa magalimoto sukuyenda. Ndaisiya minibasi yodzaza pafupi ndi msika wa Blantyre, liwiro kukasaka chimbudzi. Pobwerera sindikuiona. Ndayang'ana uku ndi uku, palibe. Basi, za bambo zija zayambika. Kani kondakitala anangoisuntha pothawa apolisi.

Lachisanu
Magetsi kulibe chiyambire dzulo. Chiwindi chonse chasanduka chobiriwira, ngakhale mphaka wachinunkhiza n'kuchoka. Kumzikiti ndapemphera kwambiri za mutu wangawu. Potuluka ndavala nsapato za munthu wina, ndafika nazo mpaka pamsewu. Mwini wake, bambo wachikulire, akundithamangira ali ndi masokosi okha. "Aisee, mukudwala kapena ndinu wakuba?" Ndawabwezera nsapato zawo. Mumtima ndati bola wakuba.

Loweruka
Make Amina andikokera kuchipatala ngati mbuzi yopita kumsika. Atenga magazi. Ndayang'ana kudenga, jakisoni ndimamuopa. Dokotala akufunsa kuti ndimagona nthawi yanji, ndimapuma liti. Kupuma? Pa minibasi? Akuti mwina ndi vitamini, mwina kutopa, mwina shuga, zotsatira sabata yamawa. Ndawafotokozera za bambo anga. Sanaseke, angolemba. Kulembako n'komwe kwandiopsa.

Lamulungu
Sindinatulutse galimoto. Za chiwindi zatha, m'nyumba muno palibe wofuna kumva dzina lake. Patebulo pali tiyi ndi mbatata. Ndafunsa make Amina kuti adzatani ndikadzawaiwala iwowo.

"Ndizidzakuuzani m'mawa uliwonse kuti ndine mkazi wanu, mpaka mudzatope nane. Idyani, abambo."

Ndadya. Mantha alipobe, koma mbatata ndamaliza.