Bokosi Lowala la a Kamtedza

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake chinali motere. Pamalo ena ofufuzira mbewu panali a Kamtedza, osamalira kompyuta ya mtundu wa Unix momwe munkasungidwa kafukufuku yense wa nyemba. Chipinda chawo chinali kumapeto kwa khonde, ndipo pachitseko pawo pankagogoda mphepo yokha.

Lachisanu lililonse ankakopera zonse za m'kompyutamo pa matepi, kuti makina akadzafa, ntchito isadzatayike. Matepiwo ankawasunga m'bokosi la mtengo wa mkuyu, lopukutidwa mpaka kudzionera nkhope. Koma kuyesako tepi ngakhale imodzi, ayi ndithu. Analinso oumira. Anzawo akamamwa tiyi pamodzi, iwo ankamwera kwaokha kuopa kupemphedwa shuga, ndipo shugayo ankamubisa m'bokosi lomwelo.

Tsiku lina, kunja kukutentha, kompyuta ija inafa. Kunabwera Mayi Nangozo, mkulu wa kafukufukuyo.

"A Kamtedza, nyemba zanga zija zilipo? Zikatayika, inunso ntchito yatha."

"Mtima m'malo, mayi. Taonani bokosili. Losamalidwa chonchi lingataye kanthu?"

Mumtima anakondwa, poti mlendo anali atawalowera. Anaika disiki yatsopano yosungira zinthu m'kompyutamo, n'kulowetsa tepi, n'kulamula makina kuti abwezeretse zonse. Makina anati tepiyo sikuwerengeka.

"Ndi chingwe ichi," anatero a Kamtedza.

Anasintha chingwe, koma ayi. Anazimitsa n'kuyatsanso, koma ayi. Analowetsa tepi ina, ndipo inakanirira m'katimo.

"Kodi munayamba mwayesapo kubwezeretsa?" anafunsa mayiwo.

"Ndikanayeseranji, mayi, zinthu zili bwinobwino?"

Atakoka mwamphamvu, tepi inatuluka ikunanda ngati uchi, pambuyo pake mzere wa nyerere. Shuga uja anali atasungunuka n'kulowerera m'matepi onse, ndipo nyererezo zinali zitamanga mudzi m'bokosimo, mazira ndi ana omwe.

Mayi Nangozo anatuluka osatsanzika. A Kamtedza anakhala pansi n'kumayang'ana nyererezo. Zinandimvetsa chisoni, ana inu. Zaka zonsezo munthu anamana anzake shuga, osadziwa kuti akudyetsa alendo okhawo amene ankamuyendera.

Atachotsedwa ntchito, anasenza bokosi lawo. Linali likuwalabe. Palibe anawaperekeza, koma mlonda wa pachipata anangoliyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti:

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."