A Avelino, Olira Maliro a Kutsidya kwa Nyanja

Ku Furancungo kuno ukatchula dzina la a Avelino, munthu safunsa kuti Avelino wake uti. Amangoti, "Aja a masamba?" Eya, omwewo. Bambo amene ankalira maliro a anthu amene sadawaonepo, a m'maiko amene ngakhale maina ake lilime lawo linkakana kutchula.

Mwambo wathu mukuudziwa. Pakhomo pakagwa zovuta timathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku. Galimoto ikafika pamenepo imayenda pang'onopang'ono, wanjinga amatsika n'kukankha, wachipewa amavula. Tsono a Avelino akamva pa wailesi kuti kudziko lakutilakuti bomba lagwera anthu, ankazimitsa wailesiyo, kutenga chikwanje, n'kulunjika ku mtengo wawo wa mango. Ine Olinda ndimasoka zovala pakhonde loyang'anana ndi nyumba yawo, msewu uli pakati, ndiye zimene ndikunenazi si za m'maluwa.

Ntchito yawo idali yokonza njinga. Anthu a pakamwa poipa ankati masambawo ndi nzeru ya malonda, poti munthu akatsika panjinga pamaso pa wokonza njinga amakumbukira kuti unyolo wake ukulira. Bodza lenileni. Tsiku la maliro a Avelino sankagwira chitsulo. Munthu ankafika ndi gudumu lophwa, thukuta lili kamukamu, iwo n'kumuuza kuti pa maliro samata mipira, abwere mkuja.

Ulendo woyamba tonse tidapusa. Azimayi ena adabwera ndi ufa m'mbale, ena nkhuni pamutu. Mai Guilhermina, amene kulira kwawo kumamveka mpaka kutsidya kwa dambo, adauyamba mkuwo ali kumsika. Polowa pabwalo adapeza a Terezinha, akazi awo a Avelino, akusankha nyemba.

"Watisiya ndani, anzathu?"

"Kafunseni eni ake maliro, ali kuseriko," adatero a Terezinha osadzutsa n'komwe mutu.

Kuseriko a Avelino adali pamphasa, chipewa chili pabondo.

"Ana a shikola, mai. Denga lawagwera ali pa phunziro."

"Shikola iti? Ya ku Chidzolomondo?"

"Patsogolo pake."

"Ku Tete?"

"Patsogolo pake. Mukawoloke nyanja."

Mai Guilhermina adapukuta kumaso n'kunyamula ufa wawo. "Nanga misozi yangayi mundibwezera bwanji?"

"Yafika kale kwa eni ake. Maliro n'kulirana."

Amene adapindula ndi zonsezi ndi mbuzi. Zinkangomva wailesi yazima, basi zayamba kale kusonkhana m'mphepete mwa msewu. Mbuzi za dera lathu zidanenepa ndi nkhondo za eni, ndipo zinkadziwa mmene dziko likuyendera kuposa akuluakulu a kuboma. A Terezinha okha ndiwo sankaseka. Tsiku lina ndikupereka bulauzi yawo ndidawamva akunena pakhomo:

"Abambo a Hortência, masamba si choseweretsa. Anthu adzatopa. Tsiku lanu likadzafika tidzayala masamba pamsewupa, ndipo palibe adzaime."

"Adzaima," adayankha a Avelino. "Munthu sadutsa pa maliro."

Chaka cha masankho zidafika poipa. Kudabwera a Clemente, sekeretariyo wa chipani china, malaya atapisira bwinobwino.

"Kamarada Avelino, mawa kukudutsa alendo akuluakulu. Msewu ukhale woyera."

"Kauzeni a mabombawo apume mawa."

"Ndifunse bwino. Masamba amenewa ndi a chipani chiti?"

"Ndi a mango, kamarada."

Mawa lake magalimoto adafika ndi nyimbo ndi mbendera, ndipo ataona masamba adaima onse. Bwana wofuna udeputado, uphungu wa kunyumba ya malamulo, adatsika, kuvula kapusi, kugwada pamaso pa a Terezinha, wojambula ali pambuyo pake. Adalankhula mawu ogwira mtima. Adati malemuyo adali membala wokhulupirika wa chipani chawo, ndipo bokosi agula iwo.

"Zikomo, bwana," adatero a Avelino. "Koma mabokosi ake akufunika ambiri, ndipo akhale ang'onoang'ono."

Atamva kumene kudali mitembo, bwana uja adadzuka osasasa n'komwe fumbi la m'mawondo. Kuyambira pamenepo a chipani chimenecho ankati a Avelino ndi otsutsa. Otsutsawo atamva adathamanga kudzamata chithunzi cha mtsogoleri wawo pa chitseko, koma a Avelino adawayalira mphasa kuti ayambe akhala pansi n'kukhuza maliro. Nawonso adachoka akung'ung'udza. Chaka chimenecho zipani ziwirizi zidagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti mdala wa njinga mutu sukuyenda.

Kenaka kudabuka nkhondo ina yaikulu, ya mabomba ogwetsa nyumba zosanjikizana, ana ali momwemo. Profesoro Leonel, amene ankabwera kudzapopa njinga yake, adawaonetsa a Avelino zithunzi pa foni. Ophunzira a m'mauniversidade a kunja adali atamanga matenti pabwalo la shikola zawo, akukana kulowa m'nyumba kufikira nkhondoyo itatha, apolisi akuwakoka miyendo. A Avelino adayang'ana nthawi yaitali, kenaka nkhope yawo idawala.

"Profesoro, anawa akugona panja?"

"Panja, madala."

"Ndi abale awo amene afawo?"

"Ambiri ayi."

"Ndiye adaleredwa. Akugona pa maliro." Adatembenukira kwa ine, msewu wonse ukumva. "Mai Olinda, mumati ndili ndekha. Onani abale anga, ndipo ndi ophunzira."

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Hortência, ankaphunzira ku Tete pa bolsa, ndiko kuti boma ndilo linkamulipirira. Madzulo omwewo adamuimbira.

"Iwe, anzako a kunja akugona panja. Inu kumeneko mukugona m'nyumba?"

"Ababa, kuno si kunja. Kuno ukangoima anthu atatu pamodzi amakufunsa amene wakutuma."

"Ndiye uwauze kuti wakutuma ndi bambo wako."

Adanena mongocheza, koma mwana wa a Avelino ndi mwana wa a Avelino. Patapita masiku Hortência ndi anzake ochepa adathyola nthambi n'kuziyala pa chipata cha shikola yawo, iwo n'kukhala pansi chete. Nthawi yake idali yoipa. Fumbi la masankho lidali lisadatsike, ndipo akuluakulu ankaona chipani ngakhale m'tsamba. Diretoro, mkulu wa shikolayo, adamuitana Hortência n'kumuuza kuti akadzabwerezanso, bolsa yatha, abwerere kwawo akalime fodya.

A Terezinha sadafuule. Adangoti, "Mwadya mtengo wa mango, tsopano mukufuna kudya mwana." Mmawa mwake a Avelino adawoloka msewu n'kudzakhala pa benchi langa, chinthu chimene sankachita. Ndidaimitsa makina.

"Mai Olinda, nthawi ya nkhondo yathu ija, tikuthawira ku Malawi, amayi adagwa panjira. Anthu ankadutsa, mitolo ili pamutu. Palibe adaima. Sindiwada ayi, aliyense ankathawitsa moyo wake. Ine ndi mlongo wanga tidawafunditsa masamba, n'kumapita."

Zaka zonsezo ndikuyang'anana nawo, nkhani imeneyi ndidali ndisadaimvepo. Iwo sadadikire kuti ndinenepo kanthu. Adatulutsa foni ali pomwepo.

"Hortência, mwanawe, lowa ukaphunzire. Masamba usakhudzenso. Maliro amenewo ndikugonera ine, ako ndi a anzako omwe."

Adasungadi mawu awo, ndipo apa m'pamene nkhani idasiya kuseketsa. Nkhondo ija sinkatha, choncho masamba sadachokenso pamsewu. Akafota, ena atsopano. Mtengo wa mango udatsala mitengo yokhayokha ngati mizati ya khola. A Avelino adatulutsa mphasa n'kumagona pabwalo monga achitira amuna pa maliro, ndipo udali mwezi wa June, pamene kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mafupa. A Terezinha adawachonderera, ine ndidawakalipira, profesoro adawauza kuti ophunzira a kunja aja adapasula kale matenti awo. Iwo adangoti wina ayenera kutsala.

Anthu adatopadi. Adayamba a mota, njinga zamoto zija, kumazemba masambawo ngati maenje. Kenaka machapa, maminibasi athu aja, adasiya kuchepetsa liwiro, ndipo wotolera ndalama ankatulutsa mutu pawindo n'kumafuula, "Lero afa angati, madala?" Mapeto ake ngakhale anjinga ankangopalasa, chipewa chili kumutu.

Chifuwa chidawagwira, adawatengera kuchipatala mochedwa, ndipo mmawa wina a Avelino adatisiya. Ine ndidamuimbira Hortência. Kwathu kuno imfa sitinenera pa foni kwa mwana amene ali ndi ulendo wautali, ndiye ndidangoti ababa adwala kwambiri, akwere chapa yoyamba. Kenaka ndidatenga chikwanje chawo chomwe chija. Ku mango kudalibe chothyola, choncho ndidagwetsa nthambi za peyala wanga n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku.

Oyandikana nawo tidasonkhana, inde, koma msewu sudamve. Ndidaima m'mphepete dzuwa lonse. Machapa ankaponda masambawo. Anthu a kumidzi amene a Avelino adawakonzera njinga zaka ndi zaka ankadutsa akupalasa, ndipo ndikawakodola ankandibayibitsa. Ndidapsa mtima, ndipo mpaka lero sindidawakhululukire bwinobwino. Mawu a a Terezinha adali atakwana, koma mwini wake adali m'nyumba, mawu atatha ndi kulira.

Dzuwa litapendeka idafika chapa ya ku Tete. Hortência adatsika akuseka, chikwama chili paphewa.

"Titiya Olinda, mwandiopseza chabe. Njira yonse mtima uli m'mwamba, ndiye ndangoona masamba ndati basi, achira. Munthu wodwala kwambiri angathyole zonsezi? Onani, afika mpaka ku peyala wanu." Adapisa m'chikwama. "Ali kuti? Ndawagulira mapilya, mabatire a wailesi yawo."

Mwanayo adayang'ana nkhope yanga, adayang'ana chikwanje chimene chidali pamapazi anga, kenaka adaona azibambo atakhala phee kuseri kwa mpanda. Sadalire pomwepo. Adaika chikwama pansi, kuyenda mpaka pakati pa msewu, n'kukhala m'fumbi pakati pa masambawo.

Yoyamba kufika idali lole ya fodya yochokera ku Chidzolomondo. Idaliza lipenga, iye osasuntha. Woyendetsa adatsika akutukwana.

"Nkhondo yanuyo mukufuna itiphe ifenso?"

"Ndi ababa anga," adatero Hortência. "A Avelino. A pompano."

Bambo uja adavula chipewa n'kubwerera kukazimitsa injini. Kumbuyo kwake kudaima chapa, kenaka mota, kenaka njinga, mpaka mzere udakafika kumsika. Anthu ankatsika n'kumabwera wapansi, mitu ili pansi. Mai Guilhermina adauyambira mkuwo kumsika ngati kale lija. A Clemente adabwera, otsutsa nawonso, n'kukhala pamphasa imodzi popanda wotchula chipani. Adaimadi, monga adanenera malemuwo. Koma padafunika mwana wamasiye akhale m'fumbi kuti aime, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Hortência adabwerera ku Tete ndipo bolsa yake ikadalipo. Mapilya aja ali pawindo la a Terezinha, osatsegula. Mtengo wa mango udaphukanso, wachita mthunzi woti munthu n'kukonzerapo njinga, koma pansi pake pamangogona mbuzi, nazonso zaonda. Nkhondo ija amati idatha, ena amati sidathe, ndipo kwabuka zina. Dzulo wailesi yanga idatchulanso ana a shikola, kudziko lina lovuta kutchula. Ndidaimitsa makina n'kuyang'ana pamsewu. Padali poyera. Chapa idadutsa ndi liwiro, fumbi lake n'kudzatera pa nsalu imene ndinkasoka.